Malo Opanda Mawu mu Nyimbo ya Yusufu

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Dzina langa ndine Kondwani, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kuno ku Rustenburg ndakhalako zaka zokwanira kuti kumudzi azinditchula mtchona. Ena mwa inu munandionapo ndili pa siteji, maikolofoni ali m'manja. Ena munandiona nditagona m'ngalande kuseri kwa renki ya matekisi. Musavutike kufunsa kuti weniweni ndi uti, onsewo ndine. Ndikuona ena mwabisa manja pansi pa mipando chifukwa akunjenjemera ndi ludzu la mowa. Atulutseni, anga ankanjenjemera mpaka tiyi ankathera pa malaya.

Sindinabwere kudzalalikira, mawu a ubusa ndilibe. Ndabwera kudzakuuzani za nyimbo ina imene inali ndi malo opanda mawu pakati pake, ndi za munthu amene anandisiyira malowo.

Ndinafika kuno ngati ambiri a inu, pa basi yodutsa ku Tete ndi ku Beitbridge, chikwama chimodzi, mutu wodzaza maloto. Ndinapeza kontrakiti pa mgodi wina wa pulatinamu, osati pansi ayi, pamwamba, kufoshola miyala yogwa pa lamba wonyamula miyala. Ntchito yafumbi, koma lambayo ali ndi kaphokoso kake kobwerezabwereza, ndiye ine amene ndinayamba kuimba rapu ndili kusukulu ndinkangoponyerapo mawu tsiku lonse. Amene anandimva ndi mnzanga wa pa lamba pomwepo, Tshepo, Mtswana wa ku Phokeng. Chichewa sankamva ngakhale liwu limodzi, koma anandiuza kuti lilime langa likuthamanga bwino, ndipite kwawo Lamlungu. Anali ndi kasitudiyo kuseri kwa nyumba ya mayi ake: kompyuta yakale, maikolofoni imodzi, makoma okutidwa ndi mabulangete ndi mathireyi a mazira.

Wachitatu anali Yusufu. Ameneyu ndinamupeza mu shopu ya nsalu ku Zinniaville, akuyeza makatani kwinaku akung'ung'udza Chiyao, chifuwa chikugunda ngati mmene amachitira pa sikiri ya Asilamu kwawo ku Mangochi. Anali wamfupi, woonda, wosekaseka, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Ankandiseka kuti Mngoni akaona botolo amayamba kulipatsa moni asanapatse moni eni nyumba. Ine ndinkamubwezera kuti Myao akafika kumwamba adzayamba wafunsa mtengo wa nsalu za angelo. Tinkatchulana achimwene, ndipo sizinali zapakamwa chabe.

Nzeru ya nyimboyo inali ya Tshepo. Anati kwawo munthu akaima pagulu amayamba watchula mtundu wake, makolo ake, phiri lakwawo, ndiye ifenso tichite chimodzimodzi pa biti imodzi, aliyense m'chilankhulo chimene anayamwira. Biti yake tinaipanga ndi matupi athu. Yusufu anapuma mpweya wa sikiri pa maikolofoni, ine ndinaponda pansi ngati pa ngoma ya kwathu mpaka fumbi linadzaza kachipindako, Tshepo anamanga maseche a Chitswana m'miyendo n'kuwonjezera likhweru. Titaimvetsera tinangoyang'anana. Sinali ya ku Amereka, sinali ya ku Johannesburg, inali yathu.

Tsiku lojambula mawu Tshepo anayamba, kenaka Yusufu. Anaimba za mayi ake ogulitsa zitumbuwa pa msika, za njinga ya bambo ake, za mmene Chiyao chimakomera ukachilankhula kutali ndi kwanu. Atafika kumapeto kwa vesi yake ananditembenukira, mahedifoni ali m'makutu, n'kunena pa maikolofoni pomwepo kuti, "Achimwene, lowani."

Ine sindinalowe. Ndinati vesi yanga sinapse, ndikufuna ikhale yoposa zawo zonse, ndidzajambula Lamlungu linalo. Tshepo anati palibe vuto, anasiya biti ikuyenda yokha pamalo angawo.

Apa ndifulumire, chifukwa kugwa sikutenga nthawi. Sabata yomweyo mkulu wina wokonza zoimbaimba m'mathaveni anandimva ndikusewera ndi maikolofoni, ndikusakaniza Chizulu ndi Chingerezi. Anandiitanira pambali, anandigulira mowa, n'kundiuza kuti ndili ndi luso koma ndisiye chilankhulo cha makwerekwere, anthu akuno sachivinira. Liwu limenelo mukulidziwa nonse mmene limapwetekera. Ine m'malo mokwiya ndinaseka nawo. Ndinayamba kuuza anthu kuti kwathu ndi ku Giyani, m'dziko lomwe lino. Ndinkaimba Lachisanu ndi Loweruka, malipiro ake theka ndalama theka mabotolo, ndipo ndinkadziona ngati ndafika. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku lina Yusufu anandipeza m'tauni ndili ndi anzanga atsopanowo. Anabwera akumwetulira, dzanja lili patsogolo, nati muli bwanji achimwene. Ine ndinayankha kuti shapu shapu, n'kuyang'ana kumbali ngati ndi munthu wopempha fodya. Dzanja lake linakhala m'malere kanthawi, kenaka analibweza m'thumba n'kumapita. Usiku umenewo ndinamwa kwambiri, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Munthu ukamabisa kwanu umatopa, ndiye umafuna chokugonetsa.

Mowa wa Loweruka unafika Lolemba, wa madzulo unafika m'mawa. Pa geti ya mgodi mukudziwa kuti timauzira kachipangizo koyeza mowa kaja. Tsiku lina kanayaka kofiira, anandibweza. Kachiwiri anatseka khadi yanga, ntchito inathera pomwepo. Mkulu wa mathaveni uja anapeza mnyamata wina wa mawu osasasa, ine anandisiya ngati chikho chobooka. Chipinda anandilanda. Ndinakathera ku Mabeskraal, kuseri kwa shabini ya mayi wina, kunyamula makireti kuti andipatse zotsalira m'mabotolo a anthu. Nthawi yonseyi Yusufu ankanditumizira mawu pa foni. Sankakalipa. Ankangoti, achimwene, malo anu aja akadalipo. Kumapeto kwa uthenga uliwonse ndinkamva akutsokomola, chifuwa chouma, chachitali. Sindinayankhe ngakhale umodzi, ndinkati ndidzayankha ndikakhala bwino.

Tsopano ndifatse, chifukwa izi ndi zimene ndabwera kudzanena.

Linali Lachisanu m'mawa, ndikutsuka matambula. Tshepo anaimba foni. Anati Yusufu watisiya mbandakucha kuchipatala, chifuwa chija, ndipo ndinyamuke msangamsanga. Ndinakhala pa kireti n'kulira, kulira kwenikweni. Koma tamverani mmene mutu wa chidakwa umayendera. Ndinayamba kuwerengera monga mwa chizolowezi chathu. Ife a ku Ntcheu munthu akamwalira kuno, maliro sathamanga. Thupi limakhala kumochale, abale amasonkha, ena amathamangira mapepala, galimoto ya ngolo imapezeka, ndipo pofika tsiku lonyamuka kupita kumudzi papita sabata kapena kuposa. Ndaperekezapo maliro otero kangapo. Ndiye ndinadziuza kuti nthawi ilipo. Sindingakaonekere pamaliro a mbale wanga ndikununkha chonchi, ndevu zili nyankhalala. Ndimwe lero kuti mtima ukhale pansi, mawa nditsitsimuke, Lamlungu ndipite ngati munthu. Foni ndinazimitsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lamlungu ndinabwereka jekete, ndinameta, ndinakwera tekisi mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi kupita ku Zinniaville. M'njira ndinkakonza mawu oti ndikanene. Ndinkaganiza kuti ndikapempha kuti ndikwere nawo galimoto ya maliro mpaka ku Mangochi, ndikamupereke ndekha kwa mayi ake, mwina pamenepo ndidzakhala nditalipira.

Nditakhota kuseri kwa shopu ndinkayembekeza tenti, mipando, azimayi atakhala pansi. Ndinapeza bwalo losesedwa bwino, chitseko cha chipinda chake chili ndi loko. Panja panali bambo wina wachikulire, Che Amidu, wa ku Mangochi komweko, amene amasoka pa makina m'khonde la shopuyo ndipo anyamata onse achiyao kumeneko amamutenga ngati bambo wawo. Ndinawapatsa moni, ndinapepesa, kenaka ndinafunsa kuti thupi linyamuka liti.

Anaimitsa makina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati akuyesa kumvetsa.

"Thupi liti, mwanangu? Tinaika dzana, titangotuluka ku Juma, swala ya Lachisanu masana."

Abale anga, ndinakhala ndi Yusufu zaka, ndinadya naye futari, ndinkadziwa nthawi zake zonse za swala, koma sindinaganizepo kuti Msilamu sagonekedwa kumochale kudikira galimoto. Kumene wafera ndi kumene amagona, ndipo dzuwa likalola amagona tsiku lomwelo. Che Amidu anandifotokozera pang'onopang'ono. Anamusambitsa m'mawa womwewo, anamukulunga mu sanda, anamuswalira. Anati ali m'chipatala Yusufu ananena kuti mbale wake wa ku Ntcheu adzagwire nawo jeneza yonyamulira maliro, ndiye anthu atafika pa geti ya manda anaima pang'ono, akuyang'ana kumsewu. Anayesa foni yanga, inali yozima. Shehe anati sangadikirenso. Pamalo panga anagwira Tshepo. Mtswana, wa tchalitchi, wosadziwa liwu limodzi la mapemphero awo, ndi amene ananyamula mbale wanga n'kumuthira dothi. Nthawi imeneyo ine ndinali ku Mabeskraal ndikukanganirana theka la botolo.

Ndili chiimire choncho foni ya Che Amidu inalira. Anali mayi ake a Yusufu, kuchokera ku Mangochi. Analankhula nawo Chiyao pang'ono, ndinamva dzina langa, kenaka anandipatsa foniyo.

Mawu awo anali otsika, otopa. Anati, "Ndinu a Kondwani? Mwana wanga ankakutchulani kwambiri. Ine kumeneko sindidzafikako. Tandiuzani inu amene munali naye, wagona malo otani? Pali mthunzi?"

Ine amene ndinkadzitama kuti mawu sandithera, ndinangoti halo, halo, netiweki ikuvuta, n'kudula foni. Ndagonapo m'ngalande, ndadyapo zotola, koma pansi penipeni pa moyo wanga ndi pamenepo: kunamiza mayi wofedwa, nditavala jekete yobwereka. Che Amidu analandira foni yawo n'kupitiriza kusoka.

Ndinapita ku Phokeng tsiku lomwelo, sindikudziwa kuti ndinkafunako chiyani, mwina kuti wina andimenye. Pa renki ndinagula kabotolo kolimbitsa mtima. Tshepo anatsegula chitseko, anandiyang'ana, n'kundilozera mpando. Sanandifunse kumene ndinali. Anandiveka mahedifoni n'kuyatsa nyimbo ija. Ndinamva kupuma kwa sikiri, ndinamva phazi langa lomwe likuponda. Vesi ya Tshepo inadutsa. Kenaka Yusufu, wamoyo, akuseka pakati pa mawu, akutchula mayi ake ndi zitumbuwa zawo. Kenaka, pafupi ndi khutu langa penipeni: achimwene, lowani.

Ndiye biti inayenda yokha. Sindinkadziwa kuti malo amene anandisiyira ndi aatali choncho. Inayenda, inayenda, popanda munthu. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, ndipo ndinalira mpaka mayi ake a Tshepo anabwera kudzasuzumira pawindo.

Nditatha ndinati ndipatse maikolofoni, ndijambule pompano. Tshepo anakana. Anati, "Pa maikolofoni iyi womaliza kuimapo ndi iyeyo, ndipo sunaimepo mowa. Anaitana iwe, sanaitane botolo. Ukadzabwera wekha, malo ako ndakusungira."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinatuluka ndikutukwana m'zilankhulo zitatu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pofika pamsewu ndinadziwa kuti wanena zoona.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa misozi yokha siichotsa mowa m'magazi. Choyamba ndinapita kukiliniki n'kuwauza anamwino zoona zokhazokha, kuchuluka kwake ndi nthawi imene ndimayamba. Musamachepetse pamenepo, abale. Anandiuza kuti munthu amene wafika pamene ndinafika ine akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kugwa khunyu, ndiye anandipatsa mankhwala n'kumandiona pafupipafupi. Masiku oyambawo ndinkatuluka thukuta ngati ndili pansi pa mgodi, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma.

Ku Mabeskraal sindinabwerereko, ngakhale kukatenga bulangete langa. Ndinapita kwa Che Amidu n'kugwada. Ndinawauza kuti netiweki sinavute tsiku lija. Anati akudziwa. Anandipezera pogona m'chipinda chosungira katundu ndi ganyu yonyamula mipukutu ya nsalu, yomwe ija ankanyamula Yusufu. Njira yopita m'tauni ndinasintha, ndimazungulira kutali kuti ndisadutse pa thaveni ya pa renki. Manambala a anzanga akumowa ndinafufuta. Ndipo ndinayambanso kuyankha moni. Munthu akati muli bwanji, ndimati ndili bwino kaya inu, mokweza, kaya ndi mu tekisi kaya ndi pa mzere kubanki. Poyamba ndinkaopa. Koma ndinaona kuti ludzu lina limene ndinkalimva silinali la pakhosi, linali la bodza lija la ku Giyani.

Ndinagwako kamodzi, ndisakubisireni. Lachisanu lina ndinamva nyimbo ikuchokera m'thaveni, miyendo inangolowa yokha. M'mawa mwake ndinakawauza Che Amidu ndisanasambe n'komwe. Anati Lachisanu masana ndi pamene satana wanga amadzuka, ndiye ndizimupezera ntchito. Anandiperekeza kumanda.

Kanali koyamba kuona pamene wagona Yusufu. Mulu wa dothi lofiira, kathabwa kolembedwa dzina lake. Chakumutu kuli mtengo waminga, wosakula kwambiri, koma dzuwa likapendeka mthunzi wake umafika pa iye. Ukaima pamenepo umaona phiri mbali ina, mbali ina milu yotuwa ya migodi. Timbalame timabwera, tija tachikasu toluka zisa. Ndinazula udzu, ndinakhala pansi, ndinayamba kumuuza zonse m'Chichewa. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndikaweruka ndimapita kumeneko. Vesi yanga ndinailembera pansi pa mtengo umenewo.

Ija ndinkafuna kale, yoposa anzanga, yodzitama kuti ndine Mngoni wa chishango, ndinaitaya. Imene ndinalemba ndi yankho la funso limene ndinalithawa. Ndinayamba ndi kutchula dzina langa lenileni, mudzi wathu ndi mfunda wa bambo anga, monga tinapangana. Kenaka ndinalankhula ndi mayi aja. Ndinawauza za dothi lofiira, za phiri, za mbalame, za mthunzi umene umafika masana. Ndinawauzanso kuti pa tsiku loika ine panalibe, ndipo chifukwa chake ndi mowa. Mzere umenewo Tshepo anafunsa ngati ndikufunadi ukhalemo. Ndinati ukachoka umenewo, yonseyo ikhala bodza.

Mvula itayamba ndinabwerera ku Phokeng ndili ndekha, wopanda botolo. Tshepo anandinunkhiza ngati kachipangizo ka pa geti, tinaseka pang'ono, koyamba chimwalirire mnzathu. Ndinavala mahedifoni. Yusufu atati lowani, ndinalowa. Mawu ananjenjemera pakati, ndinati tibwereze, Tshepo anati ayi, zikhale momwemo. Kumapeto iye anawonjezera mizere yake ya Chitswana, yonena kuti dothi la makolo ake lalandira mwana wa ku Mangochi, ndipo amene wagona m'dothi lako salinso mlendo. Anatseka ndi mawu amene amanena kwawo, robala ka kagiso, kutanthauza kuti gona mumtendere.

Nyimboyo sinatchuke, musaganize kuti ndikuuzani za mawailesi. Imayenda m'mafoni a anthu, Amalawi a m'mashopu, Atswana a pa lamba, ndipo ndinamvapo dalaivala wa tekisi ya ku Phokeng akuyesa kutsatira Chiyao cha Yusufu, akuchiphwanya momvetsa chisoni. Koma amene tinkafuna kuti aimve anali mmodzi. Tinaitumiza kwa mchemwali wake wa Yusufu kuti akawamvetsere mayi. Ndinkaopa. Ndinkati mwina adzati mwana wawo wamwalira ife tikumuika m'zoimbaimba, mwina adzati chidakwa chimene chinawadulira foni chisawatchulenso. Panapita masiku osamva kanthu, ndipo masiku amenewo ndi amene ndinalimbana ndi botolo kuposa ena onse.

Inu amene mwakhala pano, aliyense ali ndi munthu amene akumusungira malo. Mwina ndi mkazi kumudzi, mwina ndi mwana amene amangomva mawu anu pa foni, mwina ndi mnzanu amene mukumuyankha kuti shapu shapu. Mukuti mudzapita mukakhala bwino, mukameta, mukapeza jekete. Inenso ndinkatero. Ndinkayesa kuti maliro onse amadikira. Pitani mmene mulilimo, lero, akakuoneni mukunjenjemera choncho. Ine mwayi woti Yusufu andione nditasiya mowa sindidzaupezanso, ndipo chimenecho chimandipweteka m'mawa uliwonse.

Uthenga wa mayi aja unafika Lachisanu, ndili kumanda komweko. Ndinaumvetsera nditakhala pansi pa mtengo uja. Kumbuyo kwawo kunkamveka nkhuku ndi ana. Anati nyimboyo aimvera kambirimbiri mpaka foni ya mwana wawo wamkazi uja inatha moto. Chitswana sanamve, koma anati ndimuthokoze mnyamata amene ananyamula jeneza. Anati tsopano akagona amauona mtengowo.

Ndiye anati, "Ndamumva akukuitanani. Mwachedwa, mwanangu, mwachedwa kwambiri. Koma mwalowa."